Imvi pa Boneti

Kuno ku Modena galimoto yothamanga imabadwa yofiira,
akutero Ermes, uku akupukuta zala pa ovolosi.
Mukaipaka mtundu wina, amuna a m'nyumba ya khofi
adzakuyang'anani ngati mwatsokomola pakati pa Misa.
Ine ndikuti, asiyeni ayang'ane. Maso salipira penti.

Iyo ili apo, yopalidwa mpaka pachitsulo,
yamaliseche ngati nkhuku yososola.
Zaka khumi ndi zinayi inagona pansi pa lona
makoswe akuswerana pa mpando wa dalaivala.
Ottavio ankaikonda yofiira.
Ottavio tinamuika m'manda mvula ikugwa,
ndipo makiyi ali m'chikwama changa tsopano,
pamodzi ndi mankhwala a mawondo.

Ermes wayala timalata pa benchi ngati makadi a njuga.
Tonseti ndi siliva, mayi Nives, koma siliva si mmodzi.
Uyu ndi wa masupuni a pa ukwati, waulemu, wosayankhula.
Uyu ndi wa mimba ya nsomba yogona pa ayisi kumsika.
Uyu amamukonda madokotala a mano.
Uyu ali ndi timchenga ta galasi mkati,
dzuwa likamugunda amatukwana maso.
Ndawerenga makumi awiri ndi atatu, mutu wayamba kuzungulira.

Musasankhire pansi pa nyale, akutero,
nyale ndi mboni yonama.
Ndiye tatulutsa timalata panja,
tatitsamiritsa ku khoma la njerwa
pafupi ndi mbiya yakale ya viniga imene mphaka amagonapo.
Nkhungu ya Novembala yatsika m'chigwa chonse.
Theka la timalata tasowa pomwepo,
tamezedwa ngati mchere m'madzi.
Amenewo ayi. Ndinasowa kale mokwanira.

Zaka makumi atatu ndinkakhala kumanja,
mapu pa ntchafu, mpango kumutu,
ndikuwerenga makhota a msewu wopita ku Abetone
iye akuseka, akusintha magiya.
Zaka makumi atatu ndinkapaka tsitsi lakuda
Loweruka loyamba la mwezi uliwonse,
mabotolo atatu, thaulo lothimbirira, fungo loboola mphuno.
Chaka chatha ndinaleka.
Mwana wanga Ilaria anati, Amayi, mwakalamba mwadzidzidzi.
Ndinati, ayi, ndangovula lona.

Tsono ndazula tsitsi limodzi pamwamba pa khutu.
Lawawa kuposa mmene ndimayembekezera.
Ndaliika pa kalata koyamba, lakana.
Pa kachiwiri, likuoneka lachikasu ngati ulusi wakale.
Pa ka madokotala a mano lachita manyazi.
Pa kachisanu ndi chiwiri kuchokera kumanzere,
kaja kozizira ngati mpeni wongonola kumene,
kokhala ndi kubiriwira pang'ono ukakapendeketsa,
tsitsi langa lalowa, osaonekanso.
Ermes wawerama, wavala magalasi, wafufuza ndi chala.
Wapumira pomwepo, mwina laulukira kwa mphaka.

Ameneyu ndi wovuta, akutero.
Sabisa kanthu. Chibowo chilichonse, chipsera chilichonse,
pamene nyundo inaphonya mu 1987,
zonse adzaziulula poyera.
Ndiyenera kusalaza thupi lonse kawiri, mtengo ukwera.
Ndikuti, salazani zimene dzimbiri linadya.
Koma kachibowo ka pa chitseko cha kumanja mukasiye.
Ndi bondo langa limenelo, tsiku limene tinakangana ku Vignola
chifukwa cha dengu la zipatso limene anakhalira.

Walemba nambala ya penti kuseri kwa lisiti,
pensulo yanyowa ndi nkhungu.
Milungu isanu ndi umodzi, mwina isanu ndi itatu.
Belu la ku Ghirlandina likulira kwinakwake m'mitambo.

Ndikupita kokwerera basi, ndikuyeserera phazi lamanzere
pa miyala ya msewu: ponda, siya, ponda.
Pa Epulo ndidzadutsa pa nyumba ya khofi ija
denga lotsegula, mpango nditausiya kunyumba,
mutu ndi boneti mtundu umodzi,
ndipo giya yachiwiri ikadzakhosomola
asadzaseke msanga. Ndikuphunzira.